Mawondo Akamalira Poyenda, Kodi Ndi Matenda?

Takulandirani nonse. Mukadzuka pamkeka kapena mukamakwera chitunda, bondo n'kumveka kuti thwa! Ena amati mafuta atha m'mawondo, ena amati ndi ukalamba. Mtima m'malo: ngati phokosolo silikubwera ndi ululu, nthawi zambiri si matenda.

[Pakanema: chithunzi cha mkati mwa bondo]

Taonani apa. Pamene mafupa akumana pali timadzi tonanda tothandiza kuti mafupawo asamakhulane. M'timadzimo muli mpweya wosungunuka. Mfundo ikatambasuka mwadzidzidzi, pamapangika kathovu ka mpweya, ndipo kulira kuja kumachokera pamenepo. Mu 2015, akatswiri a ku University of Alberta ku Canada anajambula zimenezi ndi makina ojambula mkati mwa thupi otchedwa MRI pamene ankakoka chala cha munthu. Kulira kotereku sikubwereza pompopompo. Pamadutsa mphindi pafupifupi 20 mfundoyo isanalirenso.

Nanga kulira kuja kobwereza sitepe iliyonse, makamaka pa kakolo kapena m'chiuno? Kawirikawiri umakhala mtsempha womwe umalumikiza mnofu ku fupa. Ukamadutsa pamwamba pa fupa lotuluka umadumphira mbali ina n'kubwerera, ngati chingwe cha banjo mukachikhwatcha.

Palinso kukhekhereza komwe mumakumva mukaika dzanja pabondo n'kunjuta. Kumachokera kuseri kwa kafupa kozungulira kakutsogolo kwa bondo. Achinyamata ambiri athanzi ali nako. Koma kwa achikulire, kukamabwera pamodzi ndi kuphwanya komanso kuuma kwa bondo m'mamawa, ikhoza kukhala nyamakazi, pamene chichereŵechereŵe chokuta mafupa chayamba kuperepeseka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi munthu amene wasiya kuyenda poopa phokoso. Chichereŵechereŵe chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'timadzi tija, ndipo timadzito timalowa ndi kutuluka bwino mwendo ukamayenda. Kungokhala pansi kumafooketsanso minofu ya m'ntchafu, yomwe ndiyo imagwira bondo.

[Pakanema: munthu wakhala pampando]

Yesani izi: khalani pampando, wongolani mwendo umodzi, werengani mpaka 5, kenako tsitsani pang'onopang'ono. Chitani ka 10 mwendo uliwonse. Ngati thupi lakula, kuchepetsako kumapeputsa katundu amene mawondo amasenza.

Koma tamverani bwino apa. Pitani kuchipatala ngati bondo likupweteka, latupa, likukakamira osafuna kuwongoka, kapena likugwedera ngati mugwa. Chimodzimodzi ngati linalira mwamphamvu mutagwa kapena mutapotokola mwendo pa mpira, chifukwa mkatimo mukhoza kukhala mutang'ambika. Adokotala akakuyezani, ndipo mwina akakutumizani kwa a mafizo. Ndipo ngati mfundo yatupa, yatentha, thupi nalonso latentha, musadikire mawa, pitani tsiku lomwelo.