Mwana wa Myuda akakwatira wakunja, zidzukulu zimakhala za ndani?

Zikomo amayi ndi abambo. Mwafunsa chifukwa chake makolo achiyuda ambiri sagona tulo mwana wawo akabwera ndi chibwenzi chomwe si Myuda. Nkhawa yawo yaikulu ili pa zidzukulu.

Malamulo awo, otchedwa halakha, amati mwana ndi Myuda ngati mayi ake ndi Myuda. Mfundoyi ili mu Mishnah, buku lawo lakale la malamulo, pa Kiddushin 3:12, ndipo arabi, omwe ndi aphunzitsi a chipembedzo chawo, amaimangirira pa Deuteronomo 7:3-4. Ife Achewa sizingatidabwitse, paja kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ndiye taonani. Mwana wamkazi akakwatiwa ndi wakunja, ana ake ndi Ayuda ndithu. Koma wamwamuna akatenga wakunja, magulu awiri a Chiyuda, a Orthodox ndi a Conservative, sawawerenga ana akewo ngati Ayuda, ngakhale atamapita ku sunagoge sabata iliyonse.

A gulu lina la Chiyuda, la Reform, ku America anamasula chingwe mu 1983. Anati kholo limodzi n'lokwanira, kaya bambo kaya mayi, bola mwanayo aleredwe Chiyuda anthu akuona: mdulidwe, dzina la Chiheberi, maphunziro, ndi mwambo wosonyeza kuti wakula wotchedwa bar mitzvah pa zaka 13. Vuto limadzatulukira patsogolo. Mnyamata wotereyu akapita ku Israel amalandira unzika, chifukwa kuyambira 1970 lamulo lolola Ayuda kubwerera kwawo limafika mpaka kwa mdzukulu wa Myuda. Koma akafuna kumanga ukwati, arabi aboma amamukana, ndipo m'dzikomo mulibe ukwati wa kwa DC ngati kuno. Ambiri amakwera ndege kukakwatirana ku Cyprus, pobwera boma n'kungolembetsa.

Njira ina n'njoti mkamwini kapena mtengwa alowe Chiyuda, zomwe amati giyur. Si za tsiku limodzi ayi. Amaphunzira chaka kapena kuposa, amakaonekera pamaso pa bwalo la anthu atatu lotchedwa beit din, mwamuna amadulidwa, kenaka amamira thupi lonse m'madzi a mikveh, dziwe la mwambo wodziyeretsa. Pali patatu pomwe anthu amapunthwa. Bwalo la Orthodox likaona kuti munthu akungofuna kusangalatsa apongozi, likhoza kumubweza. Komanso ana omwe anabadwa mayi asanalowe salowa naye okha, naonso ayenera kupita ku mikveh. Ndipo giyur ya a Reform, a Orthodox saivomereza.

Pa manambala, kafukufuku wa bungwe la Pew wa 2020 anapeza kuti mwa Ayuda a ku America omwe anakwatira kuyambira 2010, 61 pa 100 aliwonse anatenga wakunja. Ukachotsapo a Orthodox, chiwerengerocho chimafika 72. Kale mabanja ena ankamulira mwana wotere ngati wamwalira, n'kukhala pansi masiku 7 a maliro otchedwa shiva. Ine ndimaona kuti mchitidwe umenewu unathamangitsa zidzukulu zomwe ankazilirazo.

Agogo ambiri masiku ano amangotsegula chitseko. Lachisanu madzulo amaitana banja lonse, agogo aakazi n'kuyatsa makandulo awiri mphindi 18 dzuwa lisanalowe, pathebulo pali buledi woluka wotchedwa challah. Pa Pasika, mwana wamng'ono pa onse ndiye amaimba mafunso anayi a mwambo ofunsa chifukwa chake usikuwo ndi wosiyana ndi usiku wina uliwonse, ndipo amamuphunzitsa milungu ingapo tsikulo lisanafike. Amayi kumbuyoko, ndaona mwakweza dzanja, funsani.