Kathiriridwe ka duwa la calla: madzi azifika kumizu

Zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko sendererani kuno, chifukwa ndabwera ndi chomera ndipo ndikufuna muchione bwinobwino.

Ili ndi duwa la calla loyera. Ena amalitcha arum lily, akatswiri a zomera amati Zantedeschia aethiopica. Kwawo ndi kumwera kwa Africa, maiko ngati South Africa ndi Lesotho, ndipo kumeneko limamera lokha m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje. Mukamalibzala pakhomo, muzikumbukira kuti mwatenga chomera cha m'dambo. Si duwa la chaka chimodzi ayi. Taonani apa ndazulapa: tsinde lonenepali limakhala pansi pa dothi, limasunga chakudya, ndipo ndi limene limaphukira chaka ndi chaka. Timizu toyerati ndi timene timamwa madzi. Lero nkhani yathu yonse yagona pa timizu timeneti.

Ambirife timathirira tsiku lililonse, koma timangonyowetsa pamwamba. Inenso ndinkatero. Madzulo aliwonse ndinkawaza madzi pamasamba mpaka kunyezimira, mtima n'kukhala m'malo. Nyengo yonse inatha osaona duwa ngakhale limodzi, masamba akupsa m'mphepete. Zinandiwawa, chifukwa mphamvu ndinkaikapo. Tsiku lina nditangomaliza kuthirira ndinakumba pambali pa tsinde. Dothi linali lonyowa pang'ono pamwamba pokha, pansi pake louma ngati phulusa. Mizu inali itakwera m'mwamba kutsatira timadzi tija, ndiye dzuwa likawomba masana inkapsa.

Choncho thirirani mozama, ndipo thirirani patsinde, osati pamasamba. Chotsani kachipangizo kowazira kukamwa kwa kheni, tsanulirani pang'onopang'ono. Madzi akayamba kuyenderera pamwamba, imani, pitani pa chomera china, mubwererenso akalowa. Dothi louma kwambiri limakana madzi poyamba, limafuna kulinyengerera.

Madzi ochuluka bwanji? Alimi a maluwa amakonda kuyambira pa mamilimita 25 pa sabata. Musaope mawuwo. Milimita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi. Ndiye kuti malita 25 pa malo oterowo, kapena kuti makheni awiri ndi theka ngati kheni yanu ndi ya malita 10. Umenewo ndi muyezo wa maluwa wamba. Calla woyera nthawi yotentha amafuna oposa apo, ine ndimamupatsa muyezo umenewo kawiri pa sabata, kukatentha kwambiri katatu.

Koma chondithandiza kwambiri ndi chala. Lowetsani chala m'dothi chonse chimire. Mukamva kuzizira, chala n'kutuluka ndi dothi lomata, dikirani mawa. Chikatuluka chili mbuu, thirirani lero lomwelo. Muthanso kutapa dothi la pansi n'kulifinya m'dzanja: likaumbika osatha kumwazika, chinyontho chilipo. Dothi la mchenga limataya madzi msanga, lamakande limasunga nthawi yaitali koma likauma limang'aluka. Onse awiri mankhwala ake ndi amodzi, kompositi wowola bwino wosakaniza ndi dothi musanabzale.

Kenako phimbirani. Pamenepa ndiye ndikupemphani ndithu. Udzu wouma kapena masamba ouma, muunjike masentimita 5 kufika 8 kuzungulira chomera, koma musiye kampata patsinde kuti lisawole. Dzuwa likafika limapeza udzu, osati dothi. Masana muvundukule udzuwo mugwire pansi, mudzamva nokha kuti kukuzizira. Ntchito yotunga madzi imachepa kwambiri.

Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere. Madzi amalowa asanauluke, ndipo masamba akanyowa amauma msanga, matenda sapeza pokhala. Masamba a calla ndi aakulu, amatulutsa madzi ambiri, ndiye masana otentha amatha kufota pang'ono ngakhale dothi lili lonyowa. Musathamangire kheni. Kaoneni m'mawa. Akadzuka ali chilili, zonse zili bwino. Akafika m'mawa ali chifotere, pamenepo ludzu ndi lenileni. Ngati kwanu kumatentha kwambiri, mubzaleni pamene pamafika dzuwa la m'mawa n'kukhala mthunzi masana.

Pali chinthu china chimene ndimachikonda pa duwa limeneli. M'mamawa mukayang'ana kunsonga kwa tsamba, nthawi zina mumapeza kadontho ka madzi kakulendewera. Si mame. Usiku mizu imamwa madzi ochuluka, chomera n'kutulutsa otsala kunsongako. Mukakaona kadonthoko dziwani kuti pansi chinyontho chilipo chokwanira.

Eya mayi, mwakweza dzanja.

Mayiwa akuti anagula calla wa maluwa achikasu, ankamuthirira kwambiri, n'kuwola. Pepani mayi, zimenezi zagwera anthu ambiri, ndipo cholakwa si chanu. Ma calla a mitundu, achikasu otchedwa Zantedeschia elliottiana ndi apinki otchedwa Zantedeschia rehmannii, si a m'dambo ngati woyerayu. Woyera mutha kumubzala m'mphepete mwa dziwe, tsinde lili m'madzi osaya, amakula mosangalala. Achikasu ndi apinki amafuna dothi lonyowa koma lotaya madzi. Madzi akadikha, tizilombo ta bakiteriya timalowa, tsinde la pansi limafewa n'kuyamba kununkha. Likafika pamenepo palibe chochita, zulani mutaye kutali pamodzi ndi dothi lake. Komanso iwowa amagona. Akamaliza maluwa masamba amasanduka achikasu, ndiye muchepetse madzi pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu, apume pouma miyezi iwiri kapena itatu. Woyera akamapeza madzi chaka chonse amakhala wobiriwira. Madzi akasowa masamba amauma, koma musazule, tsinde lili moyo ndipo chinyontho chikabwerera amaphukanso.

Bambo uko akufunsa za madzi ochapira. Otsukuluzira omaliza, opanda sopo wambiri, mutha kuthira padothi mwa apo ndi apo. Okhala ndi bulitchi kapena sopo wa ufa wochuluka ayi, mchere wake umaunjikana m'dothi n'kuwotcha mizu.

Amene mumabzala m'zitini kapena m'miphika, dothi lanu limauma msanga kuposa la pansi, nthawi yotentha muziliona tsiku lililonse. Thirirani mpaka madzi atulukire kunsi. Kwa woyera, kambale kokhala ndi timadzi pansi pa mphika n'kabwino. Kwa achikasu ndi apinki, khuthulani kambaleko.

Tisanatuluke, chenjezo limodzi. Chomera chonsechi chili ndi mankhwala otchedwa calcium oxalate, amene amayabwa pakhungu ndipo amaotcha m'kamwa munthu akatafuna. Ana ndi ziweto asachiseweretse, inunso mukadula maluwa kapena kugawa tsinde musambe m'manja musanagwire m'maso.

Tsopano tiyeni panja. Ndathirira mabedi awiri m'mawa uno, lina mowaza, lina mozama. Achimwene, tengani khasulo, tikumbe pambali pa lililonse, aliyense alowetse chala.