Mphwanga, Loweruka tikukawedza bass ku Albert Falls

Mphwanga, ndi malume ako. Uthenga wako wofunsa za kawedzedwe ka bass ndaumva. Ndiye khala pansi umvetsere, chifukwa tikakafika kudamu sindikufuna m'mawa wonse uthere pa kufotokoza.

Zija unkachita ku Mangochi, kuponya mbedza ya nyongolotsi n'kukhala pamwala kudikira makumba kapena mlamba, uziike kaye pambali. Bass ndi nsomba yolusa. Imadya tinsomba, achule, nkhanu, chilichonse chokwana m'kamwa mwake, ndipo kamwa lakelo n'lalikulu zedi. Kwawo ndi ku America, kuno ku South Africa anaibweretsa mu 1928. Ungaifanizire ndi mcheni, koma mcheni amathamangitsa chakudya pamtetete, pomwe bass imabisala n'kumalalira. Gwira mfundo imeneyi, ndiyo mutu wa zonse. Ukaona mtengo womira, udzu wa m'madzi, bango, miyala, kapena pamene pansi patsetsereka mwadzidzidzi, ndi pomwepo. Ambiri oyamba kumene amaponya kutali, pakati pa damu, kuthawa kukodwa. Kumeneko amangotopa chabe. Iwe uziponya pafupi ndi zinyalalazo, nyambo izichita kukhudza mtengo.

Zida usavutike nazo. Ndili ndi ndodo ina ya mamita awiri ndi reel yake, chokulungira chingwe, mtundu uja wa spinning, wosavuta kwa wophunzira. Iwe ukagule chingwe cha 12 lb (ndiko kulimba kwake), mbedza za saizi 3/0 zopindika khosi zija amati offset, timitovu tosongoka ngati chipolopolo ta magalamu 5 kapena 7, ndi paketi ziwiri za nyongolotsi zapulasitiki zotalika masentimita ngati 15. Imodzi yobiriwirako, amati watermelon, ya madzi oyera. Ina yakuda, ya madzi amatope. Basi. Akakuonetsa nyambo zonyezimira zodzaza khoma lonse, usakopeke, nthawi yake idzakwana.

Tsopano kamangidwe kake, amati Texas rig. Ulowetse kamtovu pachingwe, kusongoka kuloze kundodo, kenako umange mbedza ndi mfundo ya Palomar. Usanakoke mfundoyo uinyowetse ndi malovu, apo ayi chingwe chimapsa n'kudzaduka nsomba itagwira kale. Ubaye nyongolotsi kumutu pang'ono, utulutse mbedza, uitembenuze, kenako nsonga yake uibise m'thupi la nyongolotsiyo. Iime mowongoka, isapindike. Nsonga ikabisika choncho, nyambo imadutsa mu udzu ndi m'nthambi osakodwa. N'chifukwa chake ndikukuyambitsa ndi imeneyi.

Apa ndiye umvetsetse. Ukaponya, usathamangire kukulunga. Isiye imire mpaka pansi, maso ako ali pachingwe, chifukwa bass zambiri zimagwira nyambo ikumira. Chingwe chikalefuka, yafika pansi. Ukweze ndodo pang'onopang'ono, nyambo idumphe kamodzi, uitsitse, ukulunge chingwe cholefukacho, udikire. Werenga mpaka faifi mumtima. Kenako ubwereze. Ukaganiza kuti ukuchedwa, uchedwenso kuposa pamenepo. Bass ili ndi kamzere m'mbali mwa thupi kamene imamvera kugwedezeka kwa madzi, ndiye ngakhale isanaione nyamboyo, yadziwa kale kuti pali chinthu.

Kugwira kwake si kwa mlamba kokoka ndodo ayi. Umangomva kuti go, go, ngati munthu wagogoda ndi chala. Nthawi zina sumva kanthu, umangoona chingwe chikuyenda cham'mbali, kapena chalemera ngati wakola nsalu yonyowa. Utsitse ndodo, ukulunge mpaka chingwe chikungike, ndiye ukoke mwamphamvu m'mwamba kamodzi, chifukwa nsonga ija iyenera kuboola pulasitiki kaye isanalowe m'kamwa. Ikakodwa, uichotse msanga pamtengo paja isanakulungize chingwe. Idzadumpha n'kupukusa mutu, imeneyo ndiye mbali imene ine ndimaikonda koposa, koma iwe ndodo uitsitse ndipo chingwe chisalefuke ngakhale pang'ono.

Kukakhala mphepo ndikubwereka spinnerbait, nyambo yokhala ndi tizitsulo tozungulira m'madzi, imeneyo n'kuponya ndi kukulunga basi.

Poigwira, unyowetse manja, chala chachikulu m'kamwa pamlomo wam'munsi. Mano ake ndi okhakhala chabe, sangakucheke, koma samala minga ya pamsana. Ikakhala yaikulu, dzanja lina lichirikize mimba, usailendewetse ndi chibwano. Ndipo ndikupempha chinthu chimodzi. Ino ndi nyengo yoti madzi ayamba kufunda, bass zabwera kosaya kudzaikira mazira, ndipo yamphongo ndi imene imalondera chisa. Ukaichotsa nthawi yaitali, tinsomba tina timatha mazira onse. Uijambule msanga, uibwezere pomwe waigwira. Ndiwo tikapeza zina.

Chiphaso chowedzera cha Ezemvelo, bungwe loona zachilengedwe kuno ku KwaZulu-Natal, usaiwale, ndiponso pageti timalipira. Utenge chipewa, madzi akumwa, pulayala yochotsera mbedza, ndi magalasi akuda oteteza maso. Pamtunda uziyenda mofatsa, osagunda mapazi, nsomba za m'mphepete zimamva. Bass imadya bwino m'bandakucha ndi madzulo, ndiye tinyamuka ku Pietermaritzburg 5 koloko isanakwane. Mfundo ya Palomar ija uiyeseze kunyumba Lachisanu usiku, mpaka uzitha kuimanga mumdima. Ukakanika undiimbire, ndikuonetsa pa vidiyo.