Madzi akapanda kutuluka, ulendo palibe

Zikomo nonse pobwera. Za anyamata atatu aja anagona panyanja sabata yathayi mwamva kale. Anapezeka m'mawa ali moyo, tithokoze Mulungu, koma amayi awo anachezera pagombe akulira. Injini ya boti lawo, imene inawafera panyanjapo, ndinaimasula ndekha. Petulo analimo, pulagi inalibe vuto. Chinafa ndi kalabala kakang'ono kotchedwa impeller, kamene kamapopa madzi oziziritsa injini. Timapiko take tinali titathothoka, injini inatentha mpaka pisitoni kugwira.

Ndiye mvetserani. Mukaliza injini, yang'anani kumbuyo kwake, pali kabowo kamene kamatulutsa madzi ngati mwana akukodza. Madzi akapanda kutuluka, zimitsani, ulendo palibe. Nthawi zina ndi mchenga chabe watseka kabowoko, mumatokosa ndi twayini wolimba n'kulizanso. Akakanabe, itanani makaniko. Ena a inu ndimakuonani, mukangokoka chingwe maso ali pa maukonde, kumbuyo osacheuka. Abale anga, kucheukako kumatenga nthawi yanji?

(Bambo wina: "Nanga ife timailiza pamchenga kamphindi chabe, kungofuna kumva ngati ikulira, palakwika?")

Mwafunsa bwino bambo, chifukwa anyamata aja ankachitanso zomwezo m'mawa uliwonse. Kalabala kaja kamazungulira mothithikana m'kachikho kachitsulo, ndipo chimene chimakatereretsa ndi madzi omwewo. Kakazungulira pouma, timasekondi tochepa kapsa kale. Choopsa n'chakuti simuona kanthu. Kamang'aluka pang'ono, lero kapopa, mawa kapopa, tsiku lomwe mwatsegula moto wonse muli kutali ndiye kamaduka. Mukafuna kuyesa injini kumtunda, iviikeni mumgolo, madzi apitirire timabowo toyamwira madzi tija tili pamwamba pa pulopela. Ndipo kalabalako sinthani chaka chilichonse, ngakhale kakuoneka kabwino. Mukapeza kataduka, funafunani tizidutswa tonse, chifukwa kotsala kamakatseka njira ya madzi m'kati. Ine ndinataya injini yanga yoyamba chonchi ndili mnyamata, ndinapalasa mpaka manja kuchita matuza. Madzi akapanda kutuluka, ulendo palibe.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, zotsalazi ndithamanga. Amene muli ndi two-stroke, injini yosakaniza petulo ndi oilo, oilo muziyeza, osamangothira ndi maso. Injini zambiri zimafuna 50:1, ndiye kuti pa malita 20 a petulo muthire mamililita 400 a oilo wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto. Onani kabuku ka injini yanu. A four-stroke, injini imene oilo amakhala payekha, simusakaniza, muzingoona mulingo wa oilo. Petulo wokhalitsa kapena wolowa madzi musapite naye. Kasikulu ka mpweya pachivundikiro cha thanki masulani, apo ayi injini idzazima panjira. Chotsani pulopela muone ngati twayini wakulungana kumbuyo kwake, amadula labala lotchinga madzi. Oilo wa giya akaoneka ngati mkaka, madzi alowa. Mangitsani zomangira injini ku boti, muimangirirenso chingwe china. M'thumba mukhale pulagi yapadera, sipanala yake, pini ya pulopela ndi chingwe cholizira. Kachingwe kozimitsira injini kakhale padzanja la woyendetsa. Nkhafi musasiye.

Achimwene kumbuyoko, kokerani mgolo uja pafupi, aliyense abwere aone mmene madziwo amayenera kutulukira.