Makalata a Omvera: Za Mkulu wa Imvi Mbuu wa ku Nigeria

Takulandirani nonse kuno ku Joni, kaya muli pamzere wa teksi ku Bree kaya mwafika kale pakhomo. Sabata yatha pokamba za zisudzo tinangomutchula modutsa Wole Soyinka, koma makalata abwera ngati tinaputa mavu. Tiyambe ndi ya bambo a ku Ntcheu amene akukhala ku Rosettenville.

"Achimwene, mwana wanga wabwera ndi ntchito ya kusukulu yokhudza munthu ameneyu. Ine sukulu ndinalekera panjira. Ndi ndani, ndipo anachita chiyani kuti ana athu azimuphunzira?"

Zikomo bambo. Mumuuze mwanayo kuti Soyinka anabadwa pa 13 July 1934 ku Abeokuta, kwa Ayoruba. Bambo ake anali hedimasitala wa sukulu ya mishoni, mayi ake ankachita malonda. Anaphunzira ku Ibadan kenako ku Leeds, ndipo mu 1986 anakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Izi n'zokwanira kukhozera mayeso. Koma kuti amudziwedi, awerenge Death and the King's Horseman, sewero la mu 1975 lochokera pa zimene zinachitikadi ku Oyo mu 1946. Mfumu yamwalira, ndipo mwambo ukuti Elesin, woyang'anira hatchi ya mfumuyo, ayenera kufa kuti aiperekeze. Usiku womalizawo maso ake agwera pa namwali wina pamsika, n'kumukwatira. Akuchedwa choncho, bwanamkubwa wachizungu amugwira n'kumutsekera. Ndiye mwana wa Elesin, amene anapita ku England kukaphunzira udokotala, afa m'malo mwa bambo ake pofuna kuchotsa manyazi pabanja. Wina akanalemba kuti wolakwa ndi mzungu basi. Soyinka anakana zimenezo, chala anachilozanso kwa Elesin amene mtima wake unali utayamba kale kukakamira moyo. Kwa ine, ukulu wake uli pamenepa: saopa kutiuza zathu.

Kalata yachiwiri ndi ya alonda a usiku ku Randburg, akuti amatimvera foni ili m'thumba la jekete.

"Mnzanga wa ku Nigeria akuti mkuluyu analandapo wailesi ndi mfuti. Ine ndikuti bodza, wophunzira sangatero. Tapikisana fifite randi."

Bambo, konzani ndalamayo. Mu October 1965, chisankho cha chigawo cha kumadzulo kwa Nigeria chitaberedwa, nduna yaikulu ya chigawocho, Samuel Ladoke Akintola, anajambulitsa mawu ake pa tepi kuti aulutsidwe pa wailesi ya ku Ibadan. Munthu wa mfuti analowa mu situdiyo, n'kulamula kuti aike tepi ina youza Akintola kuti atule pansi udindo. Soyinka anamangidwa koma khoti linamumasula, ndipo patapita zaka anadzavomera yekha m'mabuku a mbiri yake kuti anali iyeyo. Ine ndimati ndikaiwerenga nkhaniyi ndimacheukira chitseko chathu chino.

Ukaidi weniweni unadza mu 1967. Nkhondo ya Biafra itabuka, pamene chigawo cha kummawa chinafuna kupatuka ku Nigeria, iye anapita ku Enugu kukaonana ndi Ojukwu, mtsogoleri wa mbali yopatukayo, pofuna kuti magazi asapitirire kukhetsedwa. Boma la Nigeria, lotsogozedwa ndi Yakubu Gowon, linamutsekera popanda kumuzenga mlandu mpaka 1969, nthawi yambiri ali yekhayekha m'ndende ya ku Kaduna. Cholembera anamukaniza. Anapanga yekha inki, n'kumalemba pa mapepala a kuchimbudzi ndi m'mipata ya mizere ya mabuku amene ankamulowetsera mozemba. M'menemo ndi mmene munachokera buku lake la The Man Died. Mu 1994 anathawanso dziko lake nthawi ya ulamuliro wachisilikali wa Sani Abacha, kudzera malire a Benin, ndipo anabwerera mu 1998 Abachayo atamwalira.

Iyi ndi ya mayi a ku Mangochi amene amasoka zovala ku Turffontein, ndipo sikufunsa funso kwenikweni.

"Ndinaimbira foni mwini nyumba wina kufuna chipinda. Tinagwirizana lendi bwinobwino. Atamva kalankhulidwe kanga anafunsa kuti kwanu n'kuti. Nditati Malawi, chipinda chija akuti chatengedwa m'mawa womwewo. Mwana wanga akuti Soyinka analembapo zoterezi."

Pepani mayi, ndipo mwana wanuyo akunena zoona. Ndakatuloyo ndi Telephone Conversation. Mnyamata wa ku Africa akufuna nyumba ku England, mtengo amvana, kenako aulula kuti ndi wa ku Africa. Mayi wachizungu uja akhala chete pang'ono, n'kufunsa ngati ali wakuda kwambiri kapena woyererako. Mnyamatayo sakalipa. Ayamba kumufotokozera mwaulemu wonyoza kuti nkhope ndi yoderako, zikhatho ndi mapazi kunsi n'zoyera, koma kumbuyo kokhalira kunada bii chifukwa chokhalira pansi. Mayiyo asanadule foni, mnyamata akumupempha kuti adzadzionere yekha. Chowawa pa nkhani yanu, mayi, n'chakuti wofunsayo mwina khungu lake ndi lofanana ndi lanu. Ndipo dziko lino Soyinka analiimira kalekale: mawu amene anayankhula polandira Nobel anawapereka kwa Nelson Mandela, Mandelayo akadali m'ndende. Mu 2017 University of Johannesburg inamutenga kukhala pulofesa woyendera, pompano pa Auckland Park.

Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Diepsloot, wabwera wokwiya.

"Chingerezi cha munthuyu n'chouma, sitimva kanthu. Bwanji osakamba za athu?"

Zakuuma sinditsutsa, mng'ono wanga, ndakatulo zake zina zimafuna dikishonale pambali. Yambira pa The Trials of Brother Jero, sewero la mneneri wonyenga wa m'mphepete mwa nyanja ku Lagos amene amadyera pa mavuto a nkhosa zake. Ukaseka mpaka misozi, ndipo Jero ameneyo udzamuzindikira usanafike kumapeto kwa msewu wanu. Za athuwo, mlakatuli Jack Mapanje atamangidwa mu 1987 n'kukakhala ku Mikuyu mpaka 1991, Soyinka anali m'gulu la olemba amene ankakuwa kuti atulutsidwe. Lachinayi likubwerali tikamba za Du Chisiza ndi gulu lake la zisudzo la Wakhumbata, ndiye amene munaonerapo masewero awo ku French Cultural Centre ku Blantyre tumizani mauthenga pa WhatsApp lisanafike Lachitatu madzulo.