"Watuwa": nthawi yofuna mafuta ndi nthawi yofuna chipatala

[Pa kanema: mwendo wa mwana, chala chikukanda pamsongolo, mzere woyera ukutsalira]

Taonani mzere uwu. Mwanayu sakudwala ayi. Wasamba ndi sopo wochapira, sanadzole, ndiye mphepo ya mu June yamuumitsa khungu. Mayi ake akamuona anena kuti, "Iwe, watuwatu, tiye ukadzole." Akangodzola, nkhani yathera pomwepo.

[Pa kanema: chikhatho cha mayi woyembekezera, anamwino achigwira]

Tsono onani dzanja ili. Mayiwa adzola bwinobwino, mikono ikuchita kuwala. Koma anamwino kusikelo atatambasula chikhatho chawo anenanso mawu omwe aja: "Mayi, mwatuwatu." Apa ngakhale mutatha botolo lonse la mafuta, palibe chisinthe. Lero tikambe za mawu amenewa, kutuwa, chifukwa kusokoneza matanthauzo ake awiriwa kumachedwetsa anthu kupita kuchipatala.

[Pa kanema: mawu akuti KUTUWA]

Kutuwa ndi mneni. Gwero la tanthauzo lake ndi mtundu wa phulusa: chinthu chomwe sichoyera, sichakuda, chili pakati ndipo chilibe kuwala. N'chifukwa chake timati galu wotuwa, bulangeti lotuwa, galimoto yatuwa ndi fumbi. Mukafuna kutsindika mumawonjezera kuti mbuu: "Wabwera kuchokera kumunda ali mbuu." Chomwe chachititsa timati chatuwitsa: sopo uyu amatuwitsa, njala yawatuwitsa ana.

Tcherani khutu pa kusiyana kwa watuwa ndi amatuwa. Mukati "amatuwa", mukunena chikhalidwe cha khungu lake, mwina ndi louma chibadwire. Mukati "watuwa", mukunena kuti pali chasintha, sanali chonchi. Wosamalira wodwala azigwira kwambiri mawu akuti "watuwa", chifukwa kusinthako ndiye uthenga.

Palinso kutuwa konyoza. Wina akati "anthu otuwa inu", sakunena za khungu, akunena umphawi, kuti mulibe ngakhale ya mafuta odzola. Ndi mawu olasa. Choncho kwa munthu wamkulu yemwe mukumudera nkhawa musayambe ndi "mwatuwa" pagulu. Mutengereni pambali, munene kuti, "Amayi, nkhope yanu sikundisangalatsa masiku ano, mukupeza bwanji m'thupimu?"

[Pa kanema: KUTUMBULUKA, KUYEZUKA, KUSULUKA]

Kutuwa kuli ndi abale ake. Kutumbuluka ndi mawu omwe achinyamata ambiri sawatchulanso, koma amene anakulira m'tchalitchi amawadziwa: mu Buku Lopatulika, pa Chivumbulutso 6:8, kavalo amene wakwerapo Imfa akutchedwa wotumbuluka. Mawuwa amanena kuchoka kwa mtundu pankhope chifukwa cha matenda kapena mantha, ndipo sanganenedwe kwa mwana amene wangoiwala kudzola. Kuyezuka n'kuyera kosayenera, komwe sikunalipo kale: milomo yayezuka, zikhatho zayezuka. Kusuluka kusiyireni nsalu. Chitenje chimasuluka ndi dzuwa, koma munthu sasuluka.

Ndipo kutuwa kwa matenda sikuyenda kokha. Kumabwera ndi kufooka, kutha mphamvu m'thupi, kapena kulefuka, pamene manja ndi miyendo zili lendelende ngati ndiwo zofota. Mukamva mawu awiriwa ali limodzi, "watuwa ndipo wafooka", ganizirani msanga za kuchepa kwa magazi.

[Pa kanema: manja awiri ayandikizana, lina lofiirira, lina loyera]

Pakhungu lakuda kutuwa kwa m'kati sikuoneka pamkono kapena patsaya. Kumaoneka pamalo pomwe khungu ndi lopyapyala kapena lopanda mtundu. Tulukani naye panja pa kuwala kwa dzuwa, osati pa nyali kapena tochi ya foni, chifukwa zimanamiza maso.

Yambani ndi chikhatho. Chitambasuleni pang'ono chabe. Mukakoka zala mwamphamvu kupita kumbuyo, magazi amathawa ndipo dzanja la munthu wabwinobwino limayeranso, apa m'pomwe ambiri amalakwitsa. Ikani chikhatho chanu pambali pake, mufanizire. Kenaka kokerani pansi chikope cham'munsi ndi chala choyera. M'kati mwake muyenera kukhala mofiira ngati nyama yatsopano. Mukaona mwayera ngati m'kati mwa khoko la dzira, pali vuto. Onaninso lilime, nkhama ndi zikhadabo. Finyani chikhadabo, musiye: kufiira kuzibwerera nthawi yomweyo.

Mufunseninso. Kodi akamakwera kamtunda ndi ndowa pamutu amapuma mwawefuwefu? Akadzuka msanga amamva chizungulire? Mtima umagunda mpaka kuumva m'makutu? Amalakalaka dothi? Chilakolako cha dothi chomwe timachiona ngati chachizolowezi kwa amayi oyembekezera nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, mchere womwe thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi.

[Pa kanema: kadontho ka magazi pachala, kamakina koyezera]

Tikamati magazi achepa, kawirikawiri sikuti madzi ofiirawo atsika ngati mumtsuko. Chomwe chachepa ndi chinthu chomwe chimafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya kupita nawo m'thupi monse, chomwe kuchipatala amachilemba kuti Hb. Chikachepa, kufiira kumachoka, ndiye kutuwako. Mpweya sufika mokwanira m'minofu, ndiye kufookako. Mawu awiri aja ali ndi muzu umodzi.

Poyeza amabaya chala, ndipo m'mphindi zochepa nambala ya Hb imatuluka. Mwa malire a bungwe la World Health Organization, bambo akatsika pa 13, mayi wosayembekezera akatsika pa 12, ndipo mayi woyembekezera akatsika pa 11 (pa 10.5 m'miyezi itatu yapakati ya mimba), magazi achepa. Mayi woyembekezera kapena mwana wamng'ono akatsika pa 7, zafika poopsa. Funsani nambala yanu ndipo muonetsetse kuti yalembedwa m'buku lanu lakuchipatala, kuti ulendo wina padzakhale pofanizira.

Zoyambitsa kwathu kuno n'zodziwika. Malungo amaswa maselo ofiira a magazi, ndipo mwana akhoza kuyera m'manja m'masiku ochepa. Njoka zam'mimba, makamaka zolowera kumapazi poyenda opanda nsapato, zimayamwa magazi pang'onopang'ono. Likodzo limataya magazi mumkodzo. Palinso msambo wochuluka, kubereka pafupipafupi, chakudya cha nsima yambiri ndiwo pang'ono, ndi matenda obadwa nawo a sickle cell. N'chifukwa chake kugula mankhwala owonjezera magazi musanayezetse n'kuthira madzi mumtsuko wobooka.

[Pa kanema: botolo la chakumwa chofiira, kenaka mbale ya usipa, nyemba ndi bonongwe]

Apa tinene mosabisa. Chakumwa sichiwonjezera magazi chifukwa choti n'chofiira. Zakumwa zotsekemera za m'botolo ndi shuga ndi utoto basi. Thupi limafuna ayironi, ndipo wolowa mosavuta ali m'chiwindi, nyama ndi nsomba zodya zathunthu monga usipa ndi matemba. Nyemba, khobwe, nandolo, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zilinso naye, koma kuti alowe bwino m'thupi zimafuna chowawasa pambali: gwafa, lalanje, malambe, kapena ndimu wofinyira m'ndiwo. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi. Musamwere tiyi chakudya kapena mapiritsi. Dikirani ola limodzi kapena awiri.

Mapiritsi a ayironi omwe amapereka kusikelo amamwedwa limodzi patsiku. Chimbudzi chimada, ena amachita nseru kapena kudzimbidwa, ndipo ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti mankhwala awadana. Kuda kwa chimbudziko n'kwachibadwa ndi mapiritsiwa. Nseru ikavuta, imwani mutadya kapena pogona. Mphamvu zikayamba kubwerera musasiye, chifukwa nkhokwe ya ayironi m'thupi imatenga miyezi kuti idzadze. Ndipo muwabise patali ndi ana: mwana akameza ambiri, ndi poizoni.

[Pa kanema: mayi wabereka mwana kumbuyo, akuyenda mofulumira]

Pali nthawi yosadikira kuti kuche. Mwana amene zikhatho zayera kuti mbee, akupuma mothamanga, akukana kuyamwa kapena wangoti lefu osadzuka bwino. Mayi woyembekezera amene akubanika atangokhala pansi, kapena akutaya magazi: nyamukani kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Kumeneko mwina afunika kuikidwa magazi, ndipo zimenezo usipa sungachite.

Mukafika, musangoti "watuwa", poti anamwino akhoza kuyamba kuyang'ana khungu. Nenani malo ndi nthawi: "M'manja ndi m'maso mwayera kuyambira Lachiwiri, thupi likutentha, ndipo lero walephera kuimirira."