Makalata a omvera: akabwerebwere ndi nkhani yotulutsa akaidi nthawi isanakwane

Takulandirani, omvera athu, ndipo lero tikupitiriza nkhani ya ndende imene yautsa mtsutso pakati panu. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande, yemwe wapempha kuti tisatchule dzina lake, ndipo walemba motere:

"Ine ndili ndi kagolosale kamene kamadyetsa banja langa. Mnyamata amene adathyola golosaleyo adagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu, koma tidadabwa kumuona akuyendayenda pamsika zakazo zisanakwane, ndipo patangopita miyezi yochepa adagwidwanso ataba kwa aneba. Kodi amene amatulutsa anthu oterewa amaganizirako za ife oberedwa? Kwa ine nkhani yokonza akaidi ndi yongotaya nthawi, chifukwa wakuba sasiya kuba."

Pepani kwambiri, amayi, chifukwa kuberedwa kumapweteka, ndipo kumapweteka koposa pamene wokuberani akudutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku. Komabe ndi bwino tisiyanitse njira zimene munthu amatulukira msanga, popeza ambiri timazisokoneza. Pansi pa lamulo la ndende limene tidatengera kwa atsamunda, mkaidi wosunga mwambo ankachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, kotero kuti wogamulidwa zaka zitatu ankatha kutuluka atakhala ziwiri. Palinso chikhululukiro chimene gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko limalola mtsogoleri wa dziko kupereka atamva uphungu wa komiti yoona za nkhaniyi, ndipo nthawi zambiri timachimva pa chikondwerero cha ufulu pa 6 July kapena pa Khirisimasi. Parole ndi yosiyana ndi ziwirizi, chifukwa munthu amatuluka chilango chake chisanathe, napitiriza kuchigwirira kunja motsatira malamulo amene wapatsidwa: akuyenera kumakaonekera kwa womuyang'anira, malo amene akukhala adziwike, ndipo akaphwanya lamulo lililonse amabwezedwa m'ndende. Maganizo anga ndi akuti chimene chidakulakwirani si kutuluka msanga kwa mnyamatayo, popeza ngakhale akadamaliza zaka zonse zitatu akadabwerabe ku Ndirande komweko. Chidalakwika ndi chakuti adatuluka popanda womulondola, ndiponso popanda wina wobwera kudzakuuzani inu kuti munthu uja akutuluka.

Kalata yachiwiri ndi yaitali, ndipo yachokera kwa bambo wina wa m'boma la Ntcheu amene adakhalapo m'ndende. Ndiwerengako mbali yake:

"Anthu amene amati kundende ndi kusukulu ya makhalidwe sadagonepo pa shamba, pakati pa chipinda cha ndende pamene akaidi amagona chokhala. Usiku wonse timakhala pansi mondondozana, mnzako ali pakati pa miyendo yako, mutu wako uli pamsana pake, ndipo sungadzuke popanda chilolezo cha nyapala, mkaidi woyang'anira anzake. Chakudya chinali nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba, kamodzi patsiku. Ine ndidalowa chifukwa cha mbuzi, koma amene ndinkagona nawo anali akatswiri othyola nyumba, ndipo nkhani zawo usiku zinali za momwe amatsegulira maloko. Ndidachita mwayi wophunzira ukalipentala, koma tsiku lotuluka ndidalibe sowo kapena nyundo, ndipo kumudzi nkhuku ikangosowa maso onse amaloza kwa ine. Anzanga ena amene ndidatuluka nawo adabwererakonso, osati chifukwa chokonda ndende, koma chifukwa chakuti kunja kuno kudalibe wowapatsa ngakhale ganyu."

Zikomo, bambo, chifukwa cholemba mosabisa. Zimene mwafotokozazi bwalo lamilandu lidazivomereza kale. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kuthithikana ndi kusowa kwa mpweya wabwino m'ndende ndi nkhanza zonyozetsa umunthu, ndipo lidapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Patatha zaka zambiri chigamulocho chiperekedwe, bungwe loyendera ndende lakhala likudandaulabe za vuto lomweli. Ndende yaikulu ya Zomba idamangidwa mu 1935, pamene chiwerengero cha anthu m'dziko muno chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi lero. M'malo otere n'kovuta kunena kuti kukonza akaidi kwalephera, chifukwa kwa ambiri a iwo ntchitoyo sidayambe n'komwe. Alipo ndithu amene amalemba mayeso a MSCE ali m'ndende, ndi ena amene amaphunzira kusoka, kumanga kapena ulimi, koma mwayiwu umafikira ochepa.

Mfundo yanu ya mbuzi ndiyo yandigwira mtima kwambiri. Malamulo athu a kazengedwe ka milandu amalangiza kuti munthu wopalamula koyamba asathamangitsidwire kundende pokhapokha pali chifukwa chokwanira, ndipo pa milandu ing'onoing'ono makhoti ali ndi mphamvu yogamula kuti munthu akagwire ntchito yothandiza anthu, monga pachipatala kapena pasukulu, akugona kunyumba kwake. Munthu wotere sataya munda wake, ana ake sasiya sukulu, ndipo sakumana ndi aphunzitsi a maloko amene mwatchula aja. Za zipangizo, bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi malo ku Balaka kumene akaidi ena amakaphunzira ntchito zamanja pokonzekera kubwerera kwawo, koma malo amodzi sangakwanire dziko lonse. Kwa amayi a ku Ndirande aja ndiwonjezere kuti, pambuyo pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, chimene chidathetsa lamulo lokakamiza oweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, milandu yoposa 100 idaunikidwanso ndipo ambiri adamasulidwa. Chimene chidathandiza pa ntchito imeneyo n'chakuti athandizi a zamalamulo ankapita kumidzi kukalankhula ndi mafumu komanso abale a mbali zonse ziwiri, kotero kuti munthu sankangotulukira mwadzidzidzi.

Kalata yomaliza yachokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Iwo akuti ku South Africa anthu ambiri adakwiya mu 2022 pamene Janusz Walus, yemwe adapha Chris Hani, mtsogoleri wolimbana ndi tsankho, mu 1993, adatulutsidwa pa parole, ndipo akufunsa chifukwa chake sitikungotengera dziko la Norway, kumene amva kuti anthu pafupifupi 20 okha mwa 100 alionse otuluka m'ndende ndiwo amapalamulanso, pamene ku America ndi oposa 60.

Achimwene, ziwerengero zimenezi zilipodi, koma sizikuyeza chinthu chimodzi. Cha ku Norway chimawerenga anthu amene alandiranso chilango pasanathe zaka ziwiri, pamene cha ku America, chomwe ndi 68 mwa 100, chidawerenga aliyense amene adamangidwanso ndi apolisi pasanathe zaka zitatu, ngakhale amene bwalo silidawapeze olakwa. Norway ndi dziko lolemera la anthu ochepa, ndipo mkaidi akamatuluka amathandizidwa kupeza nyumba ndi ntchito. Parole imafuna antchito okwanira olondola anthu otulutsidwa, njinga kapena galimoto zowafikira kumidzi, ndi kaundula wosonyeza amene watuluka ndi amene wabwereranso. Funso limene tikatumize kwa akuluakulu a ndende, kuti adzatiyankhe pa pulogalamu ino, ndi lakuti mwa anthu amene adakhululukidwa zaka zapitazi ndi angati amene ali m'ndende kachiwiri, ndiponso adabwerera pa milandu yotani.